Chikhakhali cha Che Abdulmajid

Panyumba yosanja imene ndinakhalamo zaka zambiri ku Oshawa, m'dziko la Canada, tonse tinkadziwa kuti Che Abdulmajid aweruka. Sikuti ankamenyetsa zitseko ayi. Ankaseka. Akakumana ndi munthu m'chikepe, kaya ndi mzungu kaya ndi Mfilipino, pofika pansanjika yathu anali atapeza kale choseketsa, ndipo chikhakhali chawo chinkatsogola kulowa m'khonde iwo asanatuluke. Ine ndine Zelipa, kwathu ndi ku Katete, ku Zambia, ndipo khomo langa linkayang'anana ndi lawo. Ndinkagwira ntchito panyumba ina yosungirako nkhalamba. Iwo anali Asilamu a ku Mangochi, ine wa mpingo, koma kudziko la eni munthu amene wakuyankha m'chilankhulo chako ndi m'bale basi.

Kaseweredwe ka chiseko chawo ndikakukumbukirabe mpaka lero. Chinkayambira pansi, ngati njinga yamoto imene ikukana kulira m'mawa wozizira, kenaka n'kumakwera mpaka mawu kuwonda ngati a mtsikana, ndiye pamwamba penipenipo n'kutsokomola kamodzi. Akatero ankapukuta misozi ndi kuseri kwa dzanja, n'kunena chapansipansi kuti "Astaghfirullah," kumene kuli kupempha chikhululuko kwa Mulungu. Sankaphonya. Nditawafunsa tsiku lina kuti mwalakwa chiyani poti mwangoseka, anati mayi awo anawaphunzitsa kuti kuseka kwambiri kumaumitsa mtima, choncho munthu ukaseka uzitseka chitseko kumbuyo kwako.

Anabadwira ku Namwera, ali mwana wa telala. Makina osokera anawakana, ndiye anakakhala kondakitala pa basi ya ku Limbe, n'kuphunzira chiwongolero pang'onopang'ono mpaka kukhala dalaivala. Anakwatira Mwanahamisi, mayi wofatsa wa ku Makanjira, wosalankhulalankhula, amene ankawayang'ana mwamuna wake akamaseka monga mmene mumayang'anira mphika umene ukufuna kusefukira. Mwana anali mmodzi, Hasna. Anabwera ku Canada chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo bamboyo anapeza ntchito pafakitale yopanga mipando ya galimoto. Fakitaleyo itachepetsa anthu mu 2003, anabwerera ku chiwongolero. Nthawi imeneyo Aamereka ankathamangira ku Toronto kudzajambula masewero awo a pa TV poti kuno zinthu zinali zotsikirako mtengo, ndipo ankafuna madalaivala.

Umu ndi mmene anakumanirana ndi Matthew. Anali Mwamereka wowonda, wadazi, wa zaka makumi anayi ndi kanthu, ndipo ntchito yake inali yolemba zoseketsa. Mbiri yake ndinkaimva kwa Che Abdulmajid, chifukwa madalaivala amadziwa zonse. Anayambira ku New York, kulembera nthabwala munthu wina amene ankakazinena pa TV ngati zake. Kenaka anasamukira ku Los Angeles, kumene alembi amatsekeredwa m'chipinda chimodzi tsiku lonse, kumadya ndi kumaponyerana nthabwala mpaka ipezeke yolowa. Analembako masewero atatu a eni ake, awiri n'kufa asanakwawe. Pamapeto pake anamupatsa lakelake kuti alembe ndi kuyang'anira yekha, la banja lina loyendetsa kanyumba ka alendo m'mphepete mwa msewu. Anachita lendi nyumba ku Oakville, kwa anthu olemera kuja, ndipo Che Abdulmajid ankanyamuka akangoswali m'mamawa, kudutsa mzinda wonse kukamutenga.

Chodabwitsa n'chakuti Matthew sankaseka. Wina akanena choseketsa, iye ankangogwedeza mutu n'kunena kuti zimenezo n'zoseketsa, nkhope ili gwa ngati akuwerenga za maliro. Anali ngati wogulitsa nyama wosadya nyama. Ndiye atapeza dalaivala wa chikhakhali chotere, anayamba chizolowezi. M'mawa uliwonse ankakhala kumpando wakumbuyo n'kumawerenga mokweza zimene walemba. Dalaivala akaseka, nthabwala ija yapulumuka. Akakhala chete, ankaikhwatcha pomwepo.

Che Abdulmajid anandiululira kuti theka la nthabwalazo sankazimva n'komwe. Chizungu cha ku Amereka n'chothamanga, ndiponso zinthu zimene amaseka kumeneko zina n'zachilendo. Chimene chinkawaseketsa chinali nkhope ya bwana wawo pagalasi, munthu wamkulu bwinobwino kumadikira ndi maso a mwana amene wabweretsa chithunzi chojambula kusukulu. Kwinako kunali kuseka kwa ulemu, poti kwathu bwana akanena nthabwala sumusiya yekha. Koma nkhani ikalowera kuchipinda chogona kapena ku zolaula, iwo ankangoyang'ana msewu. Matthew sankadziwa zonsezi. Iye ankangoona kuti chibwerere dalaivala ameneyu sewero lake likuyenda, ndipo anamutenga ngati chithumwa.

Sewero la Matthew silinkajambulidwa pamaso pa anthu. Kuseka konse kumene mumamva kuja kunkaikidwa pambuyo pake ndi mayi wina wa zokuzira mawu, dzina lake Joan, amene anali ndi ziseko zambirimbiri zosunga m'makina. Mu 2005 Matthew anaganiza zoti chithumwa chake chilowemo. Anawalowetsa Che Abdulmajid m'kachipinda ka makoma ofewa, n'kuwaimika kutsogolo kwa maikolofoni. Munthu saseka pongouzidwa, ndiye Matthew anayesa kuwapatsa moni m'Chiyao monga ankamvera iwo akamalankhula pafoni, ndipo anapotoza lilime moti bamboyo anafa nalo phwete mpaka kugwira khoma. Anasainitsidwa kapepala, n'kubwerera kugalimoto. Anandiuza m'khonde ngati nkhani yocheza, kuti lero azungu andirekoda kuseka, ndipo ine ndinaseka nawo n'kuiwala. Mkazi wawo sanamuuze. Kunyumba kwawo TV inali ya mpira ndi nkhani basi.

Chakudza sichiimba ng'oma. Tsiku lina la mwezi wa October mu 2007, masanasana, Matthew anatuluka ku situdiyo n'kupeza galimoto ikulira pamalo ake, dalaivala atatsamira chiwongolero ngati wagona. Kuchipatala anati ndi mtima. Mawa lake amuna anawanyamula kupita nawo kumanda, akazi tonse n'kutsala m'nyumba monga mwa mwambo wawo. Ndinamva kuti Matthew anafika kumzikiti, n'kuima kumbuyo kwenikweni ndi masokosi okhaokha, osadziwa poika manja. Ine ndinalira kwambiri, chifukwa khonde lathu linangoti zii ngati nyumba yosamukamo.

Mwanahamisi analowa eda. Mkazi wachisilamu akaferedwa amakhala m'nyumba miyezi inayi ndi masiku angapo, osatuluka, osadzola zonunkhira, osaonana ndi amuna achilendo. Anavala zoyera. Hasna anabwerera kuyunivesite ku Hamilton, n'kumabwera Loweruka lokha. Ine ndinkagwira ya m'mawa, ndiye ndikaweruka ndinkagogoda kukaona ngati adya. Chisanu chinabwera msanga chaka chimenecho. Inalinso nthawi imene alembi a masewero ku Amereka ananyanyala ntchito, moti ma TV analibe zatsopano ndipo ankangobwereza zakale, koma ine za zimenezo ndinalibe nazo ntchito.

Masana ena ndinawapeza atakokera mpando kukhoma la pabalaza, mikanda yawo yopempherera ili m'manja, chakudya cha dzulo chili chivundikirire. Sanandilonjere monga mwa masiku onse.

"A Zelipa, bambo a Hasna sanagone," anatero. "Akumabwera masana ano. Khalani pansi mumve nokha."

Ndinkadziwa zimene chisoni chimachita, poti kuntchito ndinkaona nkhalamba zikulankhula ndi amuna awo amene anafa kalekale. Ndinakhala pansi kuti ndiwasangalatse chabe. Kunja kunali kukuwala mwa chipale, kuwala kopanda dzuwa kuja, ndipo m'nyumbamo munkangomveka mapaipi otenthetsera akuti the, the. Tinakhala nthawi ndithu. Kenaka m'khomamo munayamba kumveka manong'onong'o, mawu a anthu osamveka bwino, n'kutsatira phokoso ngati mvula yoyamba pamalata. Pamwamba pa phokosolo panatuluka iwo. Kuyambira pansi kuja, kukwera, kuwonda, kutsokomola kamodzi. Ndinapezeka ndagwira dzanja la mayiyo osadziwa.

Tonse awiri tinadikira mawu omaliza aja. Sanabwere. Chiseko chinangoduka ngati wachidula ndi mpeni. Pamenepo Mwanahamisi anasuntha mkanda umodzi n'kunena yekha, "Astaghfirullah." Posakhalitsa bamboyo anasekanso, chimodzimodzi osasintha ngakhale pang'ono, n'kudukanso, ndipo mkazi wawo anawapepeseranso. Anandiuza kuti akhala akuchita zimenezi masana alionse kwa milungu ingapo. Ankaopa kupita kubafa kapena kukhitchini nthawi imeneyo kuopa kuti mwamuna wawo angaseke popanda womutsekera.

Kuseri kwa khomalo kunkakhala mzungu wina wokalamba, wopuma ntchito ya kufakitale ya galimoto, wogontha khutu limodzi. Ndikanakhala wanzeru ndikanaganiza pomwepo, koma mantha amatseka mutu. Zinandidziwikira patapita masiku, kuntchito. Ndinkadyetsa gogo wina phala m'chipinda chochezera, TV ili chiyatsire, nkhalamba zili ndandanda m'mipando yamatayala, zina zikusinza kukamwa kuli yasa. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene ankaseka. Ndiye Che Abdulmajid anaseka kumbuyo kwanga, moti supuni inandipulumuka. Nditacheuka ndinaona kanyumba ka alendo kaja pa TV, ndipo ndinakumbukira za kurekoda zija. Ndinaimirira n'kuonerera mpaka kumapeto. Mkazi wa mwini nyumba anabisa chibwenzi m'kabati, bamboyo anaseka. Mlendo woledzera anakodzera mumphika wa maluwa, anaseka. Mtsikana wantchito ananena mawu amene sindingalembe pano, ndipo anaseka koposa onse. Zinali ndendende zinthu zimene iwo ali moyo ankazikhalira chete.

Ndinathamangira kwa Mwanahamisi ndi uthenga umene ndinkati ndi wabwino. Si mzukwa mayi, ndinatero, ndi TV ya mkulu wa kuseriyu basi, ndi mawu amene anawajambula kalekale. Ndinkati ndikuzimitsa moto, osadziwa kuti ndikuukolezera. Anandimvetsera modekha, kenaka anafunsa kuti nanga akuseka chiyani. Ndinazemba, anafunsanso, ndipo ndinawauza. Nkhope yawo inagwa ngati ndawauza za maliro kachiwiri.

Anandifotokozera kuti ukanakhala mzimu, akanadziwa chochita, chifukwa kuli sadaka, kuli mapemphero. Koma iwo amaphunzitsidwa kuti munthu akamwalira ntchito zake zimatha, kupatula zimene wazisiya zikuyenda. Ukakumba chitsime, aliyense womwapo akukuwonjezera zabwino uli m'manda. Nanga amene wasiya choipa chikuyenda? Mwamuna wawo anali pansi pa nthaka, sangathenso kudzilankhulira, koma tsiku ndi tsiku ankasekerera chigololo ndi uchidakwa m'nyumba za anthu osawerengeka, popanda n'kupepesa komwe. Anatumiza funso kwa shehe kudzera mwa mkazi wake. Yankho linabwera lakuti Mulungu amayang'ana cholinga cha munthu, malemu alibe mlandu, komabe ngati zingatheke kuziletsa ndi bwino. Mwanahamisi anangomva mbali yachiwiriyo. Anayamba kuwonda, ndipo mpando uja sunachokenso kukhoma.

Iwo sakanatuluka. Hasna anayesa kuimbira Matthew foni, koma ankangothera mwa atsikana a mu ofesi omulonjeza kuti amuimbiranso. Mayi ake akamufunsa ankangoti, "Mum, I tried," n'kuyamba kulira. Ndiye tsiku langa lopuma ndinavala chijasi changa n'kukwera sitima, kusintha ku Toronto, mpaka ku Oakville. Adiresi ndinaipeza m'galimoto ya malemu. Ndine munthu wosachedwa kupsa mtima, ndipo ulendo wonse ndinkadziuza kuti Zelipa, kumeneko ukalankhule ngati munthu.

Matthew anatsegula yekha, ndevu zili nyankhalala, atavala mkanjo wogonera dzuwa lili pamutu. Anali pa sitalaka, osaloledwa kulembera kampani, ndipo ankaoneka ngati nkhuku yonyowa. Nditatchula dzina la malemu anandilowetsa kukhitchini mwaulemu. Anandimvetsera mpaka kumapeto, koma sanamve. Anati iye ankaona ngati wamuchitira ulemu mnzake, kuti munthu angafunenso chiyani choposa kukumbukiridwa akuseka. Anatchulako za kapepala kaja, kenaka anachita manyazi n'kusiya. Ndiye anati andionetse kanthu, kuti ndimvetse mmene ankamukondera.

Patebulo panali kompyuta ya m'manja ndi mulu wa mapepala. Anatenga pepala limodzi, n'kuwerenga mzere mokweza, kuyang'ana mpando wopanda munthu umene unali kutsidya kwa tebulo. Atamaliza anadina batani. Che Abdulmajid anaseka m'khitchini muja, pakati pa mbale zosatsuka, n'kutsokomola, n'kuduka. Matthew anagwedeza mutu ngati wayankhidwa. Anandiuza kuti chimwalirire dalaivala wake amachita zimenezi m'mawa uliwonse, chifukwa popanda kutero satha kudziwa ngati chimene walemba chili ndi moyo. Ankanena zimenezi maso ali ofiira, ndipo ndinamumvera chisoni ndi kumuopa nthawi imodzi.

Malonjezo anga a m'sitima anathera pomwepo. Ndinamuuza m'Chizungu changa cha ku Katete kuti kwathu akufa sitiwatuma ntchito. Ndinamufotokozera za ndondocha, zimene ana a kwathu amakula akuziopa. Amati munthu wofuna kulemera amatenga mnzake m'matsenga, abale n'kuika maliro osadziwa, pamene mwiniwakeyo wamusunga kuseri kwa chitseko, atamudula lilime kuti asanene zakukhosi, azingomugwirira ntchito usana ndi usiku.

"Inu mwasunga ndondocha," ndinatero. "Lilime munalidula kale. Mawu amene ankamalizira munawataya, mwangosiyako okugwirirani ntchito."

Sanadziwe zoti kunali mawu omalizira. Zaka zinayi m'galimoto imodzi, iye ankayesa kuti dalaivala amangong'ung'udza. Nditamuuza tanthauzo lake anakhala pampando uja wopanda munthu, n'kutseka kompyuta pang'onopang'ono. Anati chiseko chimenecho sanabwerekepo wina aliyense, chili m'sewero lake lokha, koma kuchichotsa m'zigawo zonse ndi kusinthitsa matepi amene ali kale ku ma TV si ntchito yamasewera. Anapempha nthawi. Ndinatuluka osatsanzika bwino.

Matthew anaimba foni mu February, sitalaka itatha, eda nayonso itangotha kumene. Anati Joan wagwira ntchitoyo chigawo ndi chigawo, matepi atsopano atumizidwa, iye wafufuta cha m'kompyuta yake, ndipo chatsala n'chimodzi chokha, choyambirira chenicheni, m'makina a Joan. Ankafuna kuti mayiyo abwere adzaone ndi maso. Ndinenepo pano kuti sewero lake linangoyendanso chaka chimodzi n'kutha, iye n'kubwerera ku Los Angeles, kumene ndinamva kuti anayamba kuyang'anira zojambula za ana. Kaya linatha chifukwa cha chithumwa kaya linali litatopa kale, ine sindikudziwa.

Umenewu unali ulendo woyamba wa Mwanahamisi kutuluka panja chiyambire October. Anayenda atandigwira mkono, akuphethira chifukwa cha kuwala kwa chipale. Situdiyo inali m'chinyumba chakale chosungiramo katundu pafupi ndi njanji. Anatidutsitsa m'makonde ataliatali mpaka m'chipinda chopanda zenera, chimene ukalowa makutu amangoti ng'wii chifukwa makoma ake amameza mawu. Joan anali mayi wa imvi, wa magalasi olendewera pakhosi, atakhala kutsogolo kwa thebulo la mabatani. Matthew anaima pakona. Anayesa kupepesa, ine n'kumamasulira, ndipo Mwanahamisi anangoweramitsa mutu.

Joan anati ayenera kuseweretsa kamodzi kuti titsimikize kuti n'chomwecho. Anadina. M'chipinda chimenecho sizinali ngati za kukhoma zija. Unkamveka mpweya umene bamboyo anakoka asanayambe, ankamveka malovu pammero, ngati aima kumbuyo kwa mpando wako. Mwanahamisi anakokera mpango wake kumaso n'kupereka salamu chapansipansi, monga ankachitira mwamuna wake akalowa m'nyumba. Kenaka anandiuza kuti ndifunse ngati mawu omalizira aja alipo penapake. Joan anavula magalasi. Anati anawadula tsiku lomwelo, chifukwa chiseko cha pa TV chiyenera kutha msanga kuti wosewera alankhule, ndipo zodulidwa sasunga. Analibe kwina kowapeza.

Ndiye Joan ananena zimene ine sindinaziganizire. Anati angathe kuwaikira chisekocho pa CD, chikhale chawochawo kunyumba, osamveka kwina kulikonse. Ndinamasulira, ndipo mtima wanga unafuna kuti avomere. Ndinkadziwa kuti analibe kena kalikonse ka mawu a mwamuna wawo, ngakhale uthenga wa pafoni. Akakana apa ndiye kuti sadzawamvanso mpaka tsiku lachiweruzo. Zala zawo zinkayenda pamikanda, ndipo ndinaona mmene ankachifunira.

"Ndikaitenga ndiziplaya," anatero kwa ine. "Ndikudzidziwa. Ndizidina m'mawa, ndizidina madzulo. Ndiye kuti wowasunga kuseri kwa chitseko ndikhala ine. Muwauze adilite."

Joan anasendeza mpando wake n'kuwalozera batani, kuti adine okha. Mayi amene sanaloledwe kuponya dothi pamanda a mwamuna wake anatambasula chala, n'kutchula dzina la Mulungu, n'kudina. Panalibe chimene chinamveka. Kamzere kena kanangozimirira pagalasi, ndipo Matthew anatembenukira kukhoma.

Mwanahamisi anapempha kuti amve mmene sewero likumvekera tsopano. Joan anaika chigawo chimodzi, chithunzi atazimitsa poti ndinamunong'oneza kuti atero. Wosewera analankhula, khamu linaseka. Ndinapezeka ndikudikira njinga yamoto ija kuti iyambe pansi, ndipo pamalo pake panangokhala mpata. Mayiyo anapempha kuti abwereze. Anamvetsera atatseka maso, mutu atapendeketsa, ngati munthu amene akufuna mwana wake pagulu la ana otuluka kusukulu. Munalibe. Misozi inatsika yokha, osaipukuta, ndipo ndikuganiza kuti kwa iwo bambo a Hasna anamwalira tsiku limenelo.

Joan ankati azimitse, koma Mwanahamisi anakweza dzanja. Anali akumvetserabe. Tsopano nanenso ndinayamba kuwamva mmodzimmodzi anthu oseka a m'khamu lija. Munali mayi wina wa mawu okuluwika amene ankachedwa kuyamba, mwamuna wina woseka ndi mphuno, ndi kamtsikana kolira ngati kakutekenyedwa.

"Nanga enawa ndi ayani?" anafunsa.

Joan anati sakudziwa. Ziseko zimenezo anazilandira kwa mkulu amene anamuphunzitsa ntchito, nayenso anazilandira kwa wina. Zambiri zinajambulidwa nthawi imene TV inalibe mitundu, kwa anthu amene anangolowa m'holo tsiku lina kudzaonerera sewero. Mayina awo sanalembedwe. Anati akaganiza bwino, ambiri mwa iwo ayenera kuti anamwalira kalekale.

Ndinamasulira mawu ndi mawu. Mwanahamisi anayang'ana zokuzira mawu zija, china kenaka chinzake.

"Palibe amene anabwera kudzawatenga?"

Joan anapukusa mutu. Anati pa zaka zake zonse pantchitoyo, iwo anali oyamba.

Mwanahamisi anaika mikanda pamiyendo. Anandiuza kuti ndimupemphe Joan asazimitse, awasiye amalize. Kenaka anatambasula manja ake awiri m'chipinda chopanda zenera chija n'kuyamba kuwapempherera onsewo, mayi wochedwa uja, bambo wa mphuno, kamtsikana, iwo akuseka.